Ankhoswe Awiri m'Galimoto Yanga ya ku Korea

Munthu akandifunsa ngati galimoto za ku Korea zili zabwino, ndimayankha kuti inde, kenako ndimasintha nkhani. Yanga sinandichititsepo manyazi. Ngakhale tsiku lomwe ndinachoka ku Rotherham kupita ku Liverpool kukapulumutsa viza yanga, inalira kamodzi n'kamodzi m'mawa, inayenda msewu wonse osatsokomola, n'kukandisiya pakhomo penipeni pa ofesi. Zina zonse ndi zomwe zinasokonekera.

Ndinabwera kuno kudzagwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo. Umawasambitsa, kuwamwetsa mankhwala, kuwatenthetsera chakudya, kenako kuthamangira kwa wina. Popanda galimoto ntchito imeneyi ndi chilango, chifukwa basi sidikira kuti agogo amalize kumeza phala. Ndiye ndinagula kagalimoto koyera ka ku Korea, kogula kwa munthu, koma waranti ya opanga ikadalipo. Kutchalitchi anandiseka kwabasi. Paja ife Amalawi galimoto timadziwa ya ku Japan, zinazi timati n'zitini.

Kenaka kampani yomwe inandibweretsa, asponsa anga, boma linailanda chiphaso. Antchito tonse anatipatsa miyezi iwiri kuti tipeze sponsa wina, apo ayi tilongedze. Ndinafunsira ntchito paliponse pomwe ndinamva fungo. Ena sanayankhe n'komwe, ena ankayankha ndi mawu aja oyamba ndi “unfortunately”, mawu omwe ndimadana nawo mpaka lero. Usiku tulo sitinkabwera. Ndinkaganiza za mwana wanga Tamanda yemwe ali Fomu 3 ku Dedza, ndi amayi anga omwe BP yawo imakwera ngakhale nkhuku ikangosowa.

Koma sindinauze munthu. Kwathu timakula tikuuzidwa kuti chinthu chisanapse suchilengeza. Mimba, ulendo, ntchito yatsopano, umangoti zii mpaka zioneke zokha, chifukwa pakamwa pa anthu m'poopsa. Komanso ndinaona zomwe zinachitikira mtsikana wina wa mukwaya. Anamuimika kutsogolo kumupempherera za viza, pofika madzulo nkhani inali itafika kwa azakhali ake ku Area 25. Ine ndinati ayi, amayi anga asamve za ine kudzera pa WhatsApp ya mpingo.

Kutatsala masabata atatu, kampani ina ya ku Liverpool inaimba foni. Anali ndi malo amodzi, ankafuna munthu wokhala ndi galimoto yake, ndipo anati ndifike Lachiwiri 2 koloko masana kudzaonana ndi manijala. Ndinagwada m'khitchini n'kulira.

Vuto linayamba Lamulungu titaweruka. Amayi ena anandipempha kuti Lachiwirilo ndikawathandize kuphika, ine n'kuyankha kuti sindidzakhalapo, ndikupita ku Liverpool kukaona mnzanga. Sindinadziwe kuti kumbuyo kwanga kunali a Mwale. A Mwale ndi mkulu wa mpingo, amagwira ntchito kuweyahausi yosungiramo katundu, ndipo ndi iwo amene anadzandichingamira pasiteshoni tsiku lomwe ndinafika m'dziko muno. Masabata oyamba ndinkagona pabalaza pawo.

“Naphiri mwana wanga, Mulungu amayankhadi!” anatero akuomba m'manja. “Banja la mphwanga ku Liverpool likugwedezeka, ine ndine nkhoswe wa kuchimuna. Wa kuchikazi ndi mayi Zulu a ku Bradford. Timasowa mayendedwe. Bradford ndi panjira pomwe, tingowatola basi.”

Mukanakhala inu mukanati chiyani? Kwathu galimoto yoyenda ndi mipando yopanda anthu ndi mwano. Ndinawerengera mumtima, ndinaona kuti tikanyamuka 8 koloko, nthawi ikhalapo yokwanira ndi yotsala. Ndinati, “Palibe vuto bambo.”

Lachiwiri ndinafika kwawo nditavala bulauzi yanga yabwino, jekete nditabisa kubuti kuti asandifunse. Ndinapeza a Mwale ali ndi vesiti, akusita thalauzi. Mayi Mwale anayamba kutulutsa katundu wopita ku Liverpool: thumba la ufa, nkhwani wa kudimba lawo, chiponde m'botolo la khofi, ndi usipa womwe wina anabwera nawo kuchokera kumudzi. Anaukulunga m'majumbo atatu koma fungo linatulukabe. Ndinaganiza za jekete yanga kubutiko, mtima unandipweteka. Titamaliza kulongedza, tinalowanso m'nyumba kukapempherera ulendo, ndipo a Mwale akayamba pemphero amayambira kwa Abrahamu.

Titalowa mumsewu waukulu wa M1, anayamba kuiyeza galimoto. Anagogoda kutsogolo ndi chala.

“Pulasitiki yokhayokha,” anatero. “Ine ndakhalapo ndi maminibasi, Lilongwe mpaka Mchinji, galimoto ndimaidziwa. Ya ku Korea ndinaionapo imodzi ku Biwi. Inakhala pa miyala zaka, zipangizo kusowa, mpaka nkhuku zinayamba kuikiramo mazira. Mukanandifunsa ine musanagule.”

Ndinangoti, “Ee bambo.” Foni yolozera njira inkaonetsa kuti ngakhale titadzera ku Bradford, ku Liverpool tifika 12 isanakwane. Ndinapumira m'mwamba.

Ku Bradford mayi Zulu amakhala m'nyumba zogundizana zija, kamsewu kopapatiza, magalimoto mbali zonse. Ndinazungulira katatu ndisanapeze poimika. Iwo ndi a ku Zambia, ndi anamwino pachipatala, ndipo anali atangoweruka shifiti ya usiku. Anatsegula chitseko ali chomangirira chitenje m'chifuwa, thaulo kumutu.

“Ngenani, ngenani! Nisambeko chabe, manje manje tiyenda.”

Ndinati ine ndidikira m'galimoto. Anandigwira dzanja. “Iyayi mwana wanga, mlendo sankhala panja monga kapokola wa ku polisi. Ngenani mumwe tiyi.”

Tiyi anabwera, ndi zitumbuwa, ndi mazira. Madzi akubafa ndinkawamva akutsika, kenako anasiya, kenako ndinamva mafuta akulira m'khitchini. Ankakazinga nkhuku yoti tikadye panjira.

Apo ndi pomwe anatsika amuna awo, a Zulu, oyendetsa takisi. Anasuzumira pawindo n'kufuula. “Ija motoka yoyera ni yanu? Iyee, mwagula bwino maningi! Na ine yanga ni yamene iyo, koma ikulu.”

A Mwale anaseka monyoza, ndipo nkhondo inayambira pomwepo. Onse awiri anatuluka m'kamvula kowaza, a Zulu n'kundiuza kuti nditsegule boneti. Ndinatsegula. Ndikanatani?

A Zulu mbiri ya kampaniyo amaidziwa ngati ya makolo awo. Anati anthu amenewa sanayambe ndi galimoto, anayamba ndi kusula mapaipi ndi zipangizo za njinga yakapalasa, dziko lawo lili pa umphawi wadzaoneni. Kenako anapanga njinga yathunthu, kenako njinga zamoto, kenako timalole ta matayala atatu. Galimoto zawo zoyamba zitafika kuno azungu ankaziseka, ankati n'za munthu amene walephera kugula galimoto. Chuma chitagwa kwawoko kampaniyo inagwa nayo, n'kugulidwa ndi inzake ya komweko. M'malo mofa, anakhala pansi n'kukonza zomwe anthu ankadandaula, anakalemba ntchito Mjeremani woti aziwajambulira maonekedwe, kenako anauza ogula kuti chikawonongeka chilichonse cha kufakitale m'zaka zisanu ndi ziwiri, abweze adzakonze ulere.

“Munthu wosazidalira angalonjeze zimenezo?” anafunsa a Zulu. “Yanga nayenda nayo usana na usiku, nachinja chabe matayala na mabuleki.”

“Akulonjeza chifukwa akudziwa kuti iwonongeka,” anayankha a Mwale. “Mkazi wabwino sabwera ndi waranti.”

Anaseka mpaka kugwirana mapewa. Anasolola kachitsulo koyezera oyilo, anakapukuta, anakabwezera, anakasololanso. Ine ndinayang'ana foni. Tsopano inkati tifika 1 koloko itadutsa.

“Bambo, nthawi,” ndinatero motsitsa mawu.

“Aa Naphiri, mnzanuyo athawa? Liverpool sasamuka.”

Mawu anafika pamlomo, ndikunena zoona anafika. Koma a Zulu anali pomwepo, munthu yemwe ndinali nditangomuona kumene, ndipo oyendetsa takisi mumawadziwa nkhani zawo. Ndinameza. Mayi Zulu anatuluka atatchena, atanyamula kontena ya nkhuku, n'kunena kuti sitinganyamuke osapemphera. Tinabwereranso m'nyumba.

Kuchoka ku Bradford tinalowa M62, msewu womwe umakwera mapiri kupita ku Manchester. Kumtunda kuja kulibe mitengo, ndi udzu, nkhosa ndi nkhungu basi. Mvula inalimba, malole akutithira madzi. Pali kanyumba kena ka mlimi komwe kali pakati penipeni, msewu wopita mbali ino, wobwera mbali inayo. Mayi Zulu anati akakadutsa amakamvera chisoni. Ine ndinalibe chisoni chopatsa nyumba. Ndinaponda moto mpaka pomwe lamulo limalola, kagalimoto kanga n'kumakwera phiri ndi anthu atatu ndi thumba la ufa osadandaula.

“Hmm, kali ndi mphamvu ndithu,” anatero a Mwale ngati akudzilankhulira. Titadutsa galimoto yaikulu ya ku Germany itafa m'mbali mwa msewu, mwini wake ataima pamvula atafunda jekete kumutu, a Mwale anatembenuka kuiyang'ana mpaka inazimiririka.

Ankhoswe aja anayamba kukonza mlandu wawo. Mwamuna amagwira usiku, mkazi masana, amangokumana pakhomo wina akulowa wina akutuluka. Mkazi akuti mwamuna saphika, mwamuna akuti mkazi wayamba mwano chifukwa viza ili m'dzina lake. Anagwirizana kuti akayambe ndi kumva mkazi. Kenako a Mwale anatsokomola.

“Naphiri, mundiimire pena pake. Shuga ameneyu salola munthu kupirira.”

Munthu wamkulu ungamukanize kutaya madzi? Ndinakhotera pamalo opumira. Anatsika pang'onopang'ono, ambulera inakana kutseguka, anayenda ngati akupita kukapereka chopereka. Ndinadikira injini ili chilirire. Atachedwa, mayi Zulu anapita kukawayang'ana, n'kuchedwanso iwowo. Anatulukira limodzi atanyamula makapu atatu a tiyi, ina yanga, akuti dalaivala asagone. Ndinalandira ndi manja awiri n'kuthokoza.

Nthawi inali ikadalipo, yochepa koma inalipo. Manchester ndi amene anandimaliza. Titangofika pomwe misewu imakumana, magetsi ofiira anayaka kutsogolo konse, magalimoto n'kuima kuti njo. Zikwangwani za pamwamba zinkati kwachitika ngozi, mizere iwiri yatsekedwa. Nditaponda buleki injini inazima yokha.

“Ehee! Ndimanena ine!” anakuwa a Mwale. “Yafa!”

Nditachotsa phazi inalira yokha. Ndinawafotokozera kuti imatero posunga mafuta. Anagwira pakamwa. “Zoona? Koma Makoreya!”

Tinkayenda kutalika kwa galimoto imodzi, kuima, kuyendanso. Mayi Zulu anatsegula nkhuku. Ine maso anali pa foni, nthawi yofikira ikusuntha ndikuiona, 2 koloko inadutsa tili pansi pa mlatho womwewo. Ndinkafuna kuimbira a ku Liverpool, koma ndikanalankhula bwanji akuluakulu ali m'khutu? Ndili mkati moganiza, foni inalira yokha. Ndinaiwala kuti galimoto imeneyi imalumikizana ndi foni ukangolowa. Nditadina, mawu a mzungu anamveka m'masipika onse, kutsogolo ndi kumbuyo.

Anali mtsikana wa ku ofesi ija. Anafunsa ngati ndikubwerabe ku intavyu. Anati manijala akudziwa kuti viza yanga yatsala pang'ono kutha, n'chifukwa chake anandiika pa mndandanda, koma pali enanso awiri omwe afika kale, ndipo iye atuluka 3 koloko. Ndinapepesa, ndinafotokoza za ngozi. Anati ayesetsa, n'kudula.

Mayi Zulu anabwezera mwendo wa nkhuku m'kontena.

“Naphiri,” anatero a Mwale. “Ntchito inatha?”

“Inatha bambo. Mwezi watha.”

“Ndiye lero ndi intavyu? Ife n'kumamwa tiyi? N'kumatsegula maboneti?” Mawu awo anakwera. “Mwana iwe, bwanji osanena? Tikanakwera basi ife! Unagona m'nyumba mwanga, lero ukundiyesa mfiti? Mbewa ya manyazi inafera kuuna, sunamvepo?”

Aka kanali koyamba kunditchula kuti iwe. Misozi inangoyamba kutsika, msewu osauonanso bwino. Ndinalira ndi ukali, ndinakwiyira iwo, a Zulu ndi mbiri yawo ya njinga, ngozi ya pamsewu ija, koma makamaka ndinadzikwiyira ndekha. Mayi Zulu anandigwira phewa kuchokera kumbuyo. “Lekani kumukalipira, a Mwale. Na ine ningabise. Mwana wanga, tikafika uyende straight ku ofesi, manyumba ya anthu yazayembekeza.”

A Mwale anavula chipewa n'kuyamba kupemphera. Ulendo uno sanayambire kwa Abrahamu, anangoti, “Ambuye, tsegulani msewu,” mobwerezabwereza. Msewu unatseguka pa nthawi yake, osati yathu.

Ku Liverpool tinalowa 4 koloko ili pafupi. Za mzindawo musandifunse, ndinangoona maloboti, ndipo onse anali ofiira. Ofesi inali pamwamba pa shopu yogulitsa makapeti. Ndinatulutsa jekete kubuti, ikununkha usipa, ndinaivala choncho n'kukwera masitepe chothamanga.

Mtsikana uja anandilandira mwaulemu, mpaka anandipatsa madzi. Anati manijala wapita kukaona wodwala, ndipo malo aja apatsa mmodzi mwa omwe anafika. Ndinapempha kuti ndidikire, kapena ndibwere mawa. Anapukusa mutu. Anati pa ntchito imeneyi chinthu choyamba chomwe amayang'ana ndi kusunga nthawi, chifukwa wosamalira akachedwa, nkhalamba imakhala pa bedi lonyowa, mankhwala osamwa. Sindinatsutse, zinali zoona. Chomwe chinandiwawa n'chakuti chiyambire ntchitoyi sindinachedwepo kwa wodwala ngakhale tsiku limodzi, ndipo panalibe wondichitira umboni.

Ndikutembenuka, ndinaona a Mwale afika pamwamba pa masitepe, akupuma mwabefu, chipewa chili m'manja. Anamanga mabatani a jekete yawo, anawerama pang'ono, n'kuyamba Chingerezi chawo cha pa guwa. Anati iwo ndi kholo langa kuno, mlandu ndi wawo, ndi iwo anandichedwetsa, ndipo abwera kudzapepesa m'malo mwa mwana. Analankhula ngati momwe nkhoswe amalankhulira pabwalo, modzichepetsa, mosathamanga. Kwathu mawu otere amafewetsa munthu. Mtsikana uja anangowayang'ana modabwa, n'kunena kuti pepani bambo, saloledwa kukamba za wofunsira ntchito ndi munthu wina. Tinatsika masitepe, iwo patsogolo, atagwira chitsulo cha m'mbali.

Ankhoswe aja ndinawaperekezabe kwa mphwawo wa a Mwale uja, nanga ufa ndikanapita nawo kuti? Iwo analowa pabalaza kukamba mlandu, ine ndinakhala m'khitchini ndi kapu ya tiyi yomwe sindinamwe. Ndinkamva mawu akukwera, kutsika, mkazi akulira, kenako nyimbo. Banja lija linagwirizana, mpaka lero lilipo.

Pobwerera msewu unali woyera, dzuwa la chilimwe likadali m'mwamba, ngati likundinyoza. Ku Bradford mayi Zulu anandikumbatira n'kulonjeza kuti akafunsa kuchipatala kwawo, ngakhale tonse tinkadziwa kuti zakumeneko sizitheka m'masabata awiri. A Zulu anatulukira pakhomo akumwetulira, osadziwa kanthu. “Yayenda bwanji motoka?”

“Yayenda bwino,” ndinatero.

Titafika ku Rotherham, a Mwale sanatsike msanga. Anakhala kaye, akusisita pulasitiki ija anaigogoda m'mawa.

“Mwana wanga, ndakulakwira. Ndiyankhula ndi abusa, tiimbira aliyense yemwe tikumudziwa. Mulungu salephera.” Kenako anayang'ana chiwongolero. “Koma galimoto iyi ndinainamizira. Phiri lonse lija, mdipiti wonse uja, osatentha n'komwe. Waranti yatsala yaitali bwanji?”

“Zaka zitatu, bambo.”

Anagwedeza mutu. Onse tinadziwa kuti galimotoyo yatsala ndi zaka zitatu m'dziko muno, mwini wake masabata osakwana atatu. Anatsegula chitseko, anatulutsa mwendo umodzi, n'kulankhula osandiyang'ana.

“Sindikulosera zoipa ayi. Koma zikavuta, kumudzi usapite nayo, zipangizo zikakusowa. Ndipo usaigulitse kwa anthu osawadziwa. Uyambe wandiuza ine.”

Lamulungu lotsatira anandiimika kutsogolo, mpingo wonse unanditambasulira manja. Pofika madzulo amayi anali ataimba kuchokera ku Dedza, akulira. Anthu anayesetsa, sindinganame, manambala anabwera ambiri, koma kulikonse yankho linali lomwe lija. Masutikesi awiri ali pakhomo, Tamanda ndamuuza kuti ndikubwera kutchuthi.

Dzulo a Mwale anabwera kudzaiyesa. Anakhala pampando wanga, anaukankhira kumbuyo, anakonza kagalasi, ine nditaima panja ndi ambulera yawo. Inalira kamodzi n'kamodzi.